Aphunzitsi Ocokera Pakati pa Mamembala

Mabungwe a cigwirizano a mtundu wa masiku ano, amene ambiri amawacha makopaletivu, anayamba ku Rochdale m'dziko la England. M'caka ca 1844 anthu 28, ambiri a iwo oomba nsaru, anasonkha ndalama natsegula sitolo yaoyao. Patapita zaka zowerengeka anapangana kuti pa £100 ali onse a phindu azipatula £2 10s. zophunzitsira mamembala, pakuti anaona kuti bungwe la anthu osadziwa kuwerenga mabuku ace a ndalama liri ngati nkhokwe yopanda denga.

M'dziko lathu lamulo la mabungwe otere linaikidwa m'1948. Alimi a ku Petauke, Katete ndi Fort Jameson, umene lero uchedwa Chipata, anayamba kusonkhanitsa nshawa, cimanga ndi fodya, nagulitsa pamodzi kuti apeze mtengo wabwino. Koma panabuka funso: ndani adzalemba mabuku, nayang'anira sikelo? Anyakwawa a Boma anali owerengeka, ndipo midzi inali yotalikirana. Motero kunafunika kuti mamembala ena aphunzire, nabwerere kukaphunzitsa anzao.

Njira imeneyi sinali yacilendo kuno. Amishoni a Dutch Reformed, amene anakhazika Magwero m'1899 ndi Madzimoyo m'1903, sakadatha kufika okha mudzi uli wonse. Anaphunzitsa anyamata a m'midzi momwemo, nawatuma kukagwira masukulu ang'onoang'ono kwao, kumene anthu anawadziwa ndi kuwamvera.

Ufulu utabwera, phunziro limeneli linaiwalika kwa kanthawi. M'Januwale 1965, ku Chifubu, Pulezidenti Kenneth Kaunda anaitana anthu kuti ayambe makopaletivu, nalonjeza thandizo la ndalama. Mabungwe anaphuka ngati bowa, koma ndalama zinatsogola, maphunziro natsalira m'mbuyo. Mamembala ambiri anayesa ngongole mphatso, sanadziwenso kufunsa mlembi za ndalama zao, ndipo pasanathe zaka zambiri mabungwe oculuka anagwa.

Pamenepo atsogoleri anabwerera ku maphunziro. Lamulo latsopano linaikidwa m'1970, Zambia Co-operative Federation inakhazikidwa m'1973, ndipo ndi thandizo la dziko la Sweden kunatsegulidwa Co-operative College ku Lusaka. A ku Sweden anabweretsanso mwambo wa kwao wa timagulu ta maphunziro, mmene anthu ocepa amakomana kawirikawiri, wowatsogolera ali mmodzi wa iwo eni.

Inu amene mwatsiriza sukulu, mudzaona kuti mabungwe a alimi ndi a malonda ang'onoang'ono amasowa anthu otere kufikira lero. Mphunzitsi wocokera kutali amabwera tsiku limodzi, napita. Koma membala amakhalapo tsiku loyeza matumba ndi tsiku logawa phindu, ndipo ndalama zace zirimo. Akulu anati, fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Bungwe la kwanu likafuna munthu wophunzitsa anzace, musadikire mlendo.