Chalichi Cacikulu ca Mtanda Woyera ku Lusaka

Pamene Bishopu John Edward Hine anayamba nchito ya Mpingo wa Anglican m'dziko la Northern Rhodesia m'caka ca 1910, Akristu anali kupemphera m'tinyumba ta mitengo ndi udzu. Ngakhale ku Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu wa ku Nyasaland anakagwira nchito kufikira imfa yace mu 1913, zinali cimodzimodzi.

Boma litasamutsa likulu lace kucokera ku Livingstone kupita ku Lusaka mu 1935, mpingo unaona kuti mpando wa bishopu uyenera kukhala m'mzinda watsopanowo. Koma nchito inacedwa. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1957 ndi mai wace wa Mfumukazi Elizabeth, ndipo chalichico cinatsegulidwa mu 1962, m'masiku a Bishopu Oliver Green-Wilkinson.

Amisiri sanatsanzire machalichi akale a miyala a ku Mangalande. Anamanga ndi konkire, nautsa makoma atali osakometsera kunja, nalowetsamo magalasi a mawanga ambiri. Woiona ali pa mseu angayese nyumba youma. Koma akalowa dzuwa likuwala, apeza kufiira ndi kubiriwira kwa magalasi aja kutagwera pansi ndi pa mipando.

Komabe ulemu wa nyumbayi sucokera ku konkire. Patangopita zaka 2 itatsegulidwa, dziko linalandira ufulu nilichedwa Zambia, ndipo chalichi comangidwa m'nthawi ya Azungu cinasanduka bwalo la mtundu wonse. Mu July 1991, pamene mkangano wa malamulo oyendetsera dziko unafika poopsa, atsogoleri a mipingo anakumanitsa Kenneth Kaunda ndi Frederick Chiluba m'nyumba yomweyi. Anamvana, masankho anacitika mu October, ndipo ulamuliro unasintha popanda nkhondo. Mu 2021 mwambo wa maliro a Kaunda unacitikiranso momwemo.

Ana a sukulu ambiri ayesa kuti colowa ca mtundu ndi zinthu zakalekale zokha. Mphunzitsi acita bwino akawauza za chalichi ici, cimene agogo ao ena anabadwa cisanamangidwe, ndi kuwafunsa kuti: pamudzi pao, anthu osemphana mau amakakhala pansi kuti? Mwina ndi patsinde pa mkuyu, mwina ndi m'chalichi ca njerwa zosaocha. Malo amenewo ndiwo oyenera kuwasamala ndi kulemba mbiri yace akulu oidziwa akali moyo.