Cattleya

Cattleya ndi gulu la maluwa a m'banja la orchid, banja lomwenso muli zomera zomwe anthu amakumbako chikande. Kwawo ndi ku America, kuyambira ku Costa Rica mpaka ku Argentina, komwe amamera atakangamira pa nthambi za mitengo ndi pa miyala. Dzinali analipereka John Lindley mu 1824 polemekeza William Cattley, mlimi wa maluwa wa ku England. Mtundu wa Cattleya trianae ndiwo duwa la dziko la Colombia.

Chomwe chimapha maluwawa kawirikawiri ndi madzi ochuluka. Mizu yake imafuna mpweya, choncho amabzalidwa m'makungwa oduladula osakaniza ndi makala, ndipo amathiriridwa pokhapokha makungwawo akauma. Kuwala amakukonda, koma dzuwa la masana limawaula masamba.

Timatsinde take totupa, tosunga madzi, tikakwinyika, ambiri amathamangira kuthirira, chonsecho nthawi zambiri vuto limakhala mizu yowola. Zulani chomeracho, dulani mizu yonse yofewa ndi mpeni wowambidwa pamoto, mubzalenso m'makungwa atsopano. Chiikeni pamthunzi pachinyezi mpaka mizu ina itatuluka, ndipo feteleza ayambe wadikira. Koma chogwidwa ndi vairasi sichichira, chiotcheni chisanapatsire zinzake.