Banja la pa Chambe ndi chingwe chimene chinaduka pa Ruo

Sabata ino gawo ndi langa, ndiye mangani nsapato, tikukwera phiri la kwathu ku Mulanje.

Tikamakamba za anthu okakhala kudziko la eni, maganizo athu amathamangira kwa abale athu a ku Joni, kapena agogo aja anapita ku Wenela ndi ku Halale mpaka kusanduka matchona. Koma musaiwale kuti kuno kwathu nakonso kunali kudziko la eni kwa anthu ena. Pa nthawi ya atsamunda, mabanja a azungu ankasiya kwawo ku Mangalande n'kudzakhala kuno ku Nyasaland. Ambiri timawadziwa chifukwa cha ma esiteti a tiyi, monga Henry Brown amene anabzala tiyi ku Mulanje mu 1891, ndi John Moir, Mandala uja, amene anakhala ku Lauderdale. Lero ndikufuna ndikuuzeni za banja lina laling'ono lomwe silinakhale m'munsi ngati anzawo. Ilo linkakhala pamwamba penipeni, pa Chambe.

Bamboyo dzina lake anali Fred France, mnyamata ndithu wosakwana zaka 30, wogwira ntchito ku nthambi ya boma yoona zankhalango. Mu 1949 ankakhala pa Chambe ndi mkazi wake komanso mwana wawo wamkazi wa miyezi yochepa chabe.

Mwina mukufunsa kuti munthu wa banja ankatani pamwamba pa phiri pomwe ngakhale eni dera sanamangepo midzi. Yankho lake ndi mkungudza. Mtengo umenewu mwachilengedwe umapezeka pa phiri la Mulanje pokha padziko lonse. Mu 1891 Alexander Whyte, amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, anakwera phirili n'kutenga zitsanzo zake, ndipo dzina la sayansi la mtengowu, Widdringtonia whytei, linachokera kwa iyeyo. Azungu ataona kuti thabwa lake silidyedwa ndi chiswe, siliola msanga komanso limanunkhira, analikonda pomangira nyumba. Pofika mu 1927 boma linalengeza kuti phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa. Kuyambira pamenepo panafunika anthu okhala komweko, oyang'anira ocheka matabwa, olambulitsa njira zotchinga moto, ndi osamala nazale za mbande. Ntchito ya France inali imeneyo.

Taganizani moyo wa mayi wa khanda pamalo ngati amenewo. Pa Chambe palibe msewu wa galimoto, ngakhale lero. Kuchokera pa Likhubula, munthu wamphamvu zake amayenda maola atatu kapena anayi ali chokwera, malo ena mpaka kugwira miyala ndi manja. Palibe golosale, palibe chigayo, palibe mnzako woti n'kukapempha kamchere. Mwana akatentha thupi usiku, dokotala ali pansi pa phiri. M'miyezi ya June ndi July kumazizira moti m'mawa wina udzu umayera mbuu ndi chisanu, ndipo moto suzima m'nyumba. Nkhungu ikatsika, munthu suona ngakhale mtengo umene uli pakhomo. Kuseri kwa nyumba kwaima chimwala cha Chambe, chotalika mamita oposa 2,500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere.

Ubwino wake unalipo, tisanamizane. Kumwambako kulibe kutentha kwa kuchigwa, udzudzu ndi wochepa, madzi ndi oyera, ndipo nkhuni za mkungudza zikamayaka nyumba yonse imadzaza fungo lokoma. Kwa anthu ochokera kudziko lozizira, amene anali atangotuluka mu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, malo abata ngati amenewo anali a mtengo wapatali. Amene anawachezera analemba kuti awiriwa ankakondana kwambiri ndipo phirilo ankaliona ngati kwawo.

Koma apa ndiye pamene ine wa geni ndimaima kaye. Ndimadziwa kulemera kwa dengu la nanazi pamutu, ngakhale pamalo athyathyathya. Ndiye mukamva kuti banja linkakhala pa Chambe, dzifunseni kuti ufa, shuga, palafini, sopo, makalata ndi mipando zinkafika bwanji. Zonse zinkakwera pamitu ya anthu. Amtengatenga, amuna a m'midzi ya m'mphepete mwa phiri, Alomwe, Amang'anja ndi Ayao, ambiri opanda nsapato, ndiwo ankakweza katunduyo. Potsika, ena ankasenza matabwa a mkungudza ochekedwa ndi sowo yokokerana anthu awiri, mmodzi pamwamba wina m'dzenje. Ankatero kuti apeze ya msonkho ndi ya pakhomo. Moyo wabata wa banja lija unkaima pa makosi a anthu amenewa.

Chaka cha 1949 si chaka wamba m'mbiri yathu. Mvula ya dzinja limenelo inadula, chimanga chinapserera m'minda, ndipo kunagwa njala imene agogo ambiri a m'chigawo cha kummwera amaikumbukirabe, makamaka a m'boma la Blantyre. Bwanamkubwa pa nthawiyo anali Geoffrey Colby. Ku Mangalande nakonso chakudya chinali chogawira pamuyeso chifukwa cha nkhondo ija, ndipo boma lawo linali litakhazikitsa bungwe la Colonial Development Corporation mu 1948 kuti lizifufuza njira zopezera phindu m'maiko amene ankawalamulira. Bungweli linkafuna kudziwa ngati mapiri a Mulanje ndi Nyika angathe kusungirapo ziweto zambiri. Munthu amene anatumidwa kudzaona anali Laurens van der Post, mzungu wobadwira ku South Africa mu 1906, msilikali wakale amene anakhalapo mkaidi wa asilikali a Japan ku Java.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kwa France, kalumo ka mlendo ameneyu kanali koopsa. Munthu wokonda mitengo akamva zoti paphiri pabwere ng'ombe ndi nkhosa, amadziwiratu kuti kubwera moto wotentha msipu, ndipo moto ndiye mdani wamkulu wa mkungudza. Komabe mlendoyo analandiridwa pa Chambe, anadya nawo, anaotha nawo moto. Kenako France anasiya mkazi ndi khanda, n'kulowa nawo ulendo wozungulira phiri limodzi ndi van der Post, mkulu wina wa zankhalango, ndi gulu la amtengatenga.

Inali nyengo yozizira itangoyamba. Inu a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe mukuchidziwa chiperoni, mphepo ija yochokera ku Mozambique, yomwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone. Kumunsi kuno timangoti kwacha ndi mawawa, tivale juzi, malonda ayenda mochedwa lero. Koma pamwamba pa phiri chiperoni ndi nkhani ina. Chimatha kugwetsa mvula masiku angapo osakata, ndipo poti phirili ndi mwala, madzi salowa pansi kwambiri. Amathamangira m'makwawa nthawi yomweyo. Kamtsinje komwe m'mawa unakadumpha ndi phazi limodzi, pofika masana kamakhala kakubangula.

Chiperoni chotere ndicho chinawapeza ali mbali ya Ruo. Malinga ndi zimene van der Post analemba, anthu onse anali atanyowa ndi kuzizidwa, ndipo anaganiza zodulira njira yotsikira m'chigwembe cha Ruo kuti akafike msanga ku ma esiteti a tiyi a m'munsi. Panjira anapeza mtsinje wodzaza, ndipo pang'ono chabe kumunsi kwake panali mathithi ogwera kuphompho. France anadzipereka kuti awoloke poyamba. Anamumanga chingwe m'chiuno, anzake atagwira mbali inayo. Ali pakati, madzi anamukokolola mpaka pamlomo pa mathithiwo. Anzake anayesetsa kukoka, koma chingwe chija chinkakhuzika pa miyala yakuthwa, mapeto ake chinaduka. Munthu anapita choncho, anthu akuona.

Pa Chambe mayi uja anali akudikira, osadziwa kanthu. Kunalibe foni ya m'manja, kunalibe wailesi ya pathumba. Uthenga wa maliro unayenera kukwera phiri ndi miyendo, monga mmene shuga ndi palafini zinkakwerera. Van der Post ndi mnzake anatsika, n'kukwereranso ku Chambe kukamuuza. Amayi anzanga, inu mukudziwa tanthauzo lake. Kuno kwathu mwamuna akamwalira, mudzi wonse umabwera kudzagona pasiwa, apongozi ali pambali, achemwali akulandira mwana kumsana. Uyu anali kudziko la eni, pamwamba pa phiri, makolo ake ali kutsidya kwa nyanja, khanda lili m'manja. Nyumba imene ankaiona ngati paradaiso inasanduka malo oti achokepo.

Van der Post anapitiriza ulendo wake mpaka ku Nyika, n'kubwerera ku London. Analemba buku lotchedwa Venture to the Interior, lomwe linatuluka ku London mu 1952 ndipo linagulidwa kwambiri. M'bukumo dzina la France analisintha pang'ono chabe kukhala Vance, moti aliyense wa ku Nyasaland akanatha kuzindikira amene akunenedwa. Kutchuka kwake kunakula mpaka anadzakhala bwenzi la Prince Charles, amene pano ndi mfumu ya ku Mangalande. Anamwalira mu 1996. Mu 2001 mtolankhani J.D.F. Jones anatulutsa buku la mbiri ya moyo wake losonyeza kuti mkuluyu ankakonda kuthira mchere wambiri nkhani zake. Nchifukwa chake zimene analemba za tsiku lija tiyenera kuzimva ngati mawu a mboni imodzi, yomwenso inali ndi mbali pa zimene zinachitika. Chimene sichisintha ndi chakuti France anafera m'madzi a Ruo chifukwa cha ulendo umenewo.

Nanga chinatsala n'chiyani? Ng'ombe zija sizinabwere pa phiri la Mulanje. Pa Chambe pali kanyumba kotchedwa France's Cottage, komwe alendo okwera phiri amagonamo, ambiri osadziwa kuti dzinalo ndi la ndani. Mitengo ya paini yomwe a zankhalango a nthawi ya atsamunda anabweretsa pa Chambe inadzafalikira yokha n'kuyamba kulanda malo a zomera za pompano, mpaka panafunika ntchito yaikulu yoidula. Mkungudza, umene Kamuzu anaulengeza kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, ndiye watha ndi moto komanso kudula mozemba. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala paphiri lonse. Panopa a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira akubzala mbande, koma mkungudza sukula ngati bulugamu. Amene akubzala lero akubzalira zidzukulu. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse, chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amalipatsa ngati malo a mizimu ya makolo.

Nkhani imeneyi imandiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, phiri lathu silisankha khungu. Makolo potcha nsonga yake ya mamita 3,002 kuti Sapitwa sankasewera. Madzi omwe anatenga France ndi omwewo amene anasesa midzi ku Phalombe mu 1991, anthu n'kumati kwadutsa Napolo, ndi omwewonso a namondwe wa Freddy mu March 2023. Madzi saiwala khwawa, ndipo mitengo ikatha kumtunda amatsika ndi ukali woposa.

Chachiwiri ndi cha mayina. Mzungu amene anafa ali ndi nyumba ya dzina lake. Mzungu amene analemba ali ndi buku lake m'malaibulale a dziko lonse. Koma amuna aja amene anasenza mahema ndi zakudya m'chiperoni chomwecho, atavala nsanza, ambiri a iwo bukulo silinawatchule mayina. Nawonso anali ndi akazi amene ankadikira kunyumba m'chaka cha njala. Nawonso anaona chingwe chikuduka, ndipo atafika kumudzi anafotokozera ana awo. Mbali imeneyo ya nkhani ili m'mitu ya agogo athu, ndipo agogowo akutha.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu a ku Likhubula, ku Lujeri, ku Muloza, ku Chitakale ndi kwa Mabuka, ngati kwanu kuli gogo amene bambo ake anali wamtengatenga kapena wocheka matabwa paphiri, mukhale naye pansi sabata ino. Mufunseni ankalandira zingati, ankadya chiyani kumwambako, ankaimba nyimbo zanji potsika ndi thabwa. Lembani, mubweretse pagulu pano tiwerenge tonse.

Sabata yamawa gawo ndi la wina.