Mudzi wa Tantura ndi mphunzitsi amene anakana kukhala cete

Kum'mwera kwa mzinda wa Haifa, m'mbali mwa nyanja, kunali mudzi wa asodzi wochedwa Tantura. Mu May 1948 asilikali a Israel a gulu la Alexandroni anaulanda, ndipo anthu ake onse anacotsedwamo. Lero pamalopo pali gombe losambirapo alendo.

Mu 1998 Teddy Katz, Myuda amene anali kuphunzira pa University of Haifa, analemba pepala la digiri yake ya masters. Anajambula pa tepi mau a anthu a ku Palestine amene anapulumuka, komanso a asilikali akale aja. Iye anapeza kuti mudzi utagonja kale, anthu ambiri anaphedwa. Pepalalo linakhoza bwino kwambiri. Koma nyuzipepala ya Maariv italemba za nkhaniyi mu 2000, asilikali aja anamutengera kukhoti kuti waipitsa dzina lao. Katz, atapanikizika, anasaina kalata yopepesa. Posakhalitsa anafuna kuibweza, koma khoti linakana.

Apa ndi pamene Ilan Pappé anaonetsa mtima wake. Iye anabadwira ku Haifa mu 1954, makolo ake ali Ayuda amene anathawa ku Germany nthawi ya Hitler. Anali mmodzi wa akatswiri a mbiri amene m'zaka za m'ma 1980 anawerenga mapepala akale a boma atatsegulidwa, n'kuonetsa kuti ambiri mwa anthu oposa 700,000 amene anacoka mu 1948 sanapite mwa kufuna kwao. Pappé anamvetsera matepi a Katz nanena poyera kuti kupha kuja kunacitikadi. Anzake ambiri pa yunivesiti anamufulatira, ena anamuopseza kuti amupha, ndipo mu 2007 anasamukira ku Exeter, ku Britain.

Ena pa Facebook amakamba ngati Myuda aliyense ali ndi maganizo amodzi ndi boma la Israel. Zimenezo n'zabodza, ndipo ngakhale akatswiri aja sanagwirizane okhaokha. Benny Morris, amene anafukula mapepala omwewo, anauza nyuzipepala ya Haaretz mu 2004 kuti kuthamangitsa anthu kuja kunali kofunika. Iye ndi Pappé akhala akutsutsana mowawa kwa zaka zambiri.

Mu 2022 Alon Schwarz, nayenso wa ku Israel, anatulutsa filimu yochedwa Tantura, pogwiritsa nchito matepi a Katz. Ena mwa asilikali aja, atakalamba zedi, anakamba pamaso pa kamera za anthu amene anaomberedwa atagonja kale.