Masamba 255 a Thompson ndi Feit

Khalani pansi adzukulu, lero ndikuuzeni za makolo a masamu. Musaseke. Masamu nawonso ali ndi mtundu wawo, ali ndi agogo amene anasiya mafunso ndi zidzukulu zimene zinadzayankha agogowo atagona kale.

Gogo wamkulu wa nkhani yathuyi anafa asanamere ndevu zokwanira. Évariste Galois, mnyamata wa ku France, anawomberedwa ku Paris mu 1832 ali ndi zaka 20 zokha. Iyeyu ndiye anayala maziko a chimene lero amati group theory, ife tingoti masamu a magulu. Gulu lake si la anthu ayi. Tengani pepala la mbali zinayi zofanana. Mungalizungulitse kapena kulitembenuza, n'kulibweza pamalo pake osaoneka kuti lagwidwa. Njira zochitira zimenezi zilipo 8, kuwerengera ndi yongolisiya chomwecho. Njira 8 zimenezo pamodzi ndiye gulu. Mpira wakale uja wa zigamba zakuda 12 ndi zoyera 20 uli ndi njira 60 zouzungulitsira.

Tsono monga 12 amaphwanyika kukhala 2, 2 ndi 3, magulu ambiri amaphwanyika kukhala timagulu tating'ono. Koma alipo ena ouma mutu, osaphwanyika. Ena mwa iwo savuta munthu, kukula kwawo ndi nambala ya prime monga 2, 3, 5 kapena 7. Ovuta ndi enawo. Laling'ono pa onse ndi la mpira lija la 60, lotsatira ndi la 168. Mngelezi wina, a William Burnside, anaona kuti ouma mutu ovutawo onse amene ankadziwika kukula kwawo kumagawika ndi 2. Mu 1911 analemba m'buku lawo kuti mwina zimenezi sizingochitika mwangozi, mwina ndi lamulo. Anamwalira mu 1927 umboni wake usanapezeke.

Patapita zaka 100 chifereni Galois, pa 13 Okutobala 1932, kunabadwa John Griggs Thompson m'katauni ka Ottawa ku Kansas, m'dziko la America. Musasokoneze ndi Ottawa wa ku Canada. Mnyamatayu anapita ku yunivesite ya Yale ndi mtima wofuna ubusa, koma masamu anamukoka, nasiya zaumulungu n'kumaliza digiri yake mu 1955. Kuchoka apo analowera ku Chicago, kukaphunzira pansi pa a Saunders Mac Lane. Ophunzira ambiri a PhD amasankha kafunso kosaluma kuti amalize msanga. Uyu anatola funso la a Frobenius a ku Germany, limene linakhala zaka pafupifupi 60 akatswiri akulilambalala, ndipo mu 1959 analiyankha. Nyuzipepala ya New York Times inalemba nkhaniyo, chinthu chosachitikachitika kwa mwana wa sukulu wolemba masamu.

Apa ndiyambe ndatchula mnzawo, chifukwa ofotokoza ambiri amamudumpha ndipo ine zimandinyansa. A Walter Feit anabadwira ku Vienna mu 1930 m'banja la Chiyuda. Mu 1939 makolo awo anawakweza sitima ya ana othawa Hitler yopita ku England. Mwanayo anapulumuka, makolowo anathera m'manja mwa chipani cha Nazi. Nkhondo itatha anawolokera ku America, nakhala katswiri wa njira yoyezera gulu ndi manambala otchedwa ma character. A Thompson luso lawo linali lina, lolowa m'kati mwa gulu n'kuona momwe timagulu tating'ono tagwirirana. Njira anali atailambula kale a Michio Suzuki a ku Japan, amene mu 1957 anatsimikiza kachigawo kochepa ka funso la a Burnside. M'chaka cha sukulu cha 1960 mpaka 1961 yunivesite ya Chicago inasonkhanitsa akatswiri a magulu, ndipo awiriwa anakhalira funsolo pansi.

Anachita chonchi. Anati, tivomere kuti a Burnside analakwitsa, gulu louma mutu lovuta losagawika ndi 2 lilipo. Ngati alipo otere, titenge laling'ono kwambiri pa onsewo. Ndiye anayamba kulipanikiza ndi mafunso, monga nduna za mfumu zimachitira ndi mboni yabodza pabwalo. Ukuti ulipo? Chabwino, timagulu tako tam'kati tiyenera kukhala totere. Ukavomera zimenezo, manambala ako ayenera kutuluka motere. Mboniyo inali yochenjera, inkazemba funso lililonse n'kubisala pakona ina, iwo n'kuitsatira komweko. Inadzitsutsa yokha kumapeto kwenikweni, pa kawerengedwe kena kouma kopanda kukoma kulikonse. Gulu lotero kulibe. A Burnside ananena zoona.

Umboniwo unatuluka mu 1963 m'magazini ya Pacific Journal of Mathematics, ndipo unadya magazini yonse, masamba 255. Mfundo yake mungailembe pa mzere umodzi wa kope lanu: gulu lililonse lokhala ndi malire, limene kukula kwake sikugawika ndi 2, limaphwanyika mpaka kutsala tizidutswa ta ma prime. Masiku amenewo umboni wa masamba 20 unkaonedwa kuti ndi wautali. Munthu akafika pa tsamba la 40 osaona mathero, ankati ndasochera, n'kubwerera. Anyamata awiriwa anaonetsa kuti mafunso ena njira yake ndi yaitali basi, palibe chidule, ndipo wobwerera pa tsamba la 40 sanasochere koma watopa. Kwa ine ichi ndicho chachikulu chimene a Thompson anasiyira anzawo, kuposa mfundo yeniyeniyo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina mukuti, nanga 2 ameneyu ali ndi chiyani? Gulu logawika ndi 2 limakhala ndi njira ina imene ukaichita kawiri umabwerera pomwe unayambira, monga kutembenuza pepala lija. Mu 1955 a Richard Brauer ndi wophunzira wawo Fowler anaonetsa kuti ukadziwa zimene zazungulira njira yotereyi, magulu ouma mutu oti uwafufuze amatsala owerengeka. Vuto linali lakuti palibe ankadziwa ngati gulu lililonse louma mutu lovuta lili nayo njirayo. Kuyambira 1963 zinadziwika kuti lili nayo, ndipo anthu anapeza pogwira. Anayamba kulota zolemba kaundula wa magulu onse ouma mutu, osasiyapo ndi limodzi lomwe.

Mu 1965 a Feit ndi a Thompson analandira limodzi mphoto ya Cole. A Thompson sanapume. Pakati pa 1968 ndi 1974 anatulutsa ntchito ina ya masamba oposa 400, yosanthula magulu ouma mutu aang'ono kwambiri, ndipo njira zake ndizo ena anazitola pomanga kaundula uja. Mu 1970 ku Nice, m'dziko la France, anapatsidwa mendulo ya Fields, imene salandira munthu wopitirira zaka 40. Iwo anali ndi 37. Nthawiyo n'kuti atasamukira ku Cambridge ku England, komwe anaphunzitsa mpaka 1993 pamene anabwerera kwawo, ku yunivesite ya Florida. Mphoto zina zinabwera mondondozana: ya Wolf mu 1992, mendulo ya sayansi ya dziko la America mu 2000, ndipo mu 2008 ku Oslo Mfumu Harald ya Norway inawapatsa mphoto ya Abel pamodzi ndi a Jacques Tits obadwira ku Belgium. A Feit anali atamwalira mu 2004.

Kaundula uja anatenga akatswiri pafupifupi 100 ndi masamba oposa 10,000. A Daniel Gorenstein, amene ankatsogolera ntchitoyo, analengeza mu 1983 kuti yatha, koma panali patatsala dzenje lalikulu. Anadzalikwirira a Michael Aschbacher ndi a Stephen Smith mu 2004 ndi mabuku awiri a masamba oposa 1,200. Zinapezeka kuti ouma mutu onse ali m'mabanja 18, kupatula 26 opanda banja. Limodzi mwa 26 amenewa limatchedwa dzina la a Thompson. Kukula kwake ndi 90,745,943,887,872,000. Yang'anani nambala yomalizayo, mwaona kuti likugawika ndi 2.

Anthu ena sanasiye kudandaula kuti masamba 255 ndi ambiri, cholakwa chikhoza kubisalamo osaoneka. Ndiye a Georges Gonthier ndi anzawo anatenga umboniwo, monga ena anadzaukonzera pambuyo pake, n'kuulemba m'chilankhulo cha pulogalamu ya kompyuta yomwe panthawiyo inkatchedwa Coq, imene siilola sitepe iliyonse kudutsa popanda chifukwa. Zinawatengera zaka 6. Mu Seputembala 2012 kompyutayo inafika pa mzere womaliza, ndipo inavomera.