Chiyambi cha M'bindikiro wa Oyimbira Mpira

Pamene woyimbira mpira aliza wezulo, anthu ambiri saganizira za sukulu imene munthuyo anadzeramo. Komatu sukulu imeneyi ili ndi mbiri yake.

Kale ku Mangalande timu iliyonse inkabwera ndi mkhalapakati wakewake. M'chaka cha 1891 ndi pamene malamulo anapereka mphamvu zonse kwa munthu mmodzi woyenda m'bwalo, ndipo amkhalapakati aja anasanduka onyamula mbendera. Pofika 1893, mu mzinda wa London munakhazikitsidwa bungwe loyesa ofuna ntchitoyi. Mayeso ake anali a pakamwa chabe.

Mpira utafalikira m'maiko ambiri, vuto lina linabuka. Malamulo anali amodzi, koma dziko lililonse linkawamasulira mwa njira yake. Mu 1962 ku Santiago, masewero a Chile ndi Italy anasanduka nkhonya zokhazokha, mpaka apolisi analowa m'bwalo. Woyimbira tsikulo anali Ken Aston, mphunzitsi wa ku Mangalande. Mu 1966 ku Wembley, Rudolf Kreitlein wa ku Germany anatulutsa Antonio Rattín, kaputeni wa Argentina, koma awiriwo sanamvane chinenero, ndipo Rattín anakana kutuluka kwa mphindi zingapo. Aston, amene panthawiyo ankayang'anira oyimbira, anaganiza za makhadi achikasu ndi ofiira, amene anayamba kugwira ntchito pa Chikho cha Dziko Lonse ku Mexico mu 1970. Iye anathera zaka zake zaukalamba akuphunzitsa oyimbira ku America.

Kenaka panadza mayeso a thupi. Dr. Kenneth Cooper anakonza mu 1968 muyeso wa mtunda umene munthu angathamange pa mphindi 12, ndipo bungwe la FIFA linaugwiritsa ntchito zaka zambiri poyesa oyimbira.

Madandaulo a pa chikho cha 2002 anasinthanso zinthu. Pokonzekera chikho cha 2006, oyembekezera anasonkhanitsidwa kufupi ndi Frankfurt kukayesedwa liwiro, malamulo ndi Chingerezi. Ankasankhidwa atatuatatu ozolowerana, woyimbira ndi omthandiza awiri, kotero kuti kulephera kwa mmodzi kunkatha kubweza onse kwawo.

Khomo lopapatiza limeneli ana a kuno kwathu analowapo. Bernadettar Kwimbira wa ku Malawi ananyamula mbendera pa Chikho cha Dziko Lonse cha amayi mu 2015, ndipo Janny Sikazwe wa ku Zambia anayimbira pa chikho cha abambo mu 2018 ndi 2022.

Tsono m'bindikiro wa oyimbira sunayambike pofuna kulimbitsa miyendo yokha ayi. Cholinga chake chachikulu n'chakuti chimene chili cholakwa ku Lilongwe chikhalenso cholakwa ku Buenos Aires, kuti ogonja abwerere kwawo podziwa kuti mlandu unaweruzidwa ndi muyeso umodzi.