Liu Limene Linasochera Panjira: Mbiri ya "Zenith"

M'nkhani yathu ya lero tilondola mapazi a liu limodzi lokha, limene layenda ulendo wa zaka mazanamazana, ndipo pofika lero mwini wake weniweni sangalizindikire.

Liuli ndi "zenith". Akatswiri a zakuthambo amatchula motere malo a kuthambo amene ali pamwamba penipeni pa mutu wa munthu. Angerezi amalemba zenith, Ajeremani Zenit, Apwitikizi zénite, ndipo ku Russia kuli ngakhale timu ya mpira ya mumzinda wa St Petersburg yotchedwa Zenit. Enanso mudzakumbuka mawailesi a Zenith, a kampani imene inayamba ku Chicago mu 1918. Poona kufala kwake, munthu angaganize kuti liuli ndi la Azungu chibadwire. Iyayi, kwao kwenikweni ndi ku Chiluya, chinenero cha Aluya.

Pa nthaŵi ya mfumu al-Ma'mun, amene analamula kuyambira 813 mpaka 833, mzinda wa Baghdad unali phata la maphunziro a nyenyezi. Kumeneko anamasulira mabuku a Agriki, nayeza kayendedwe ka dzuŵa ndi zipangizo zaozao. Malo a pamwamba pa mutu aja ankawatcha "samt ar-ra's". Samt ndiye kuti njira kapena mbali imene chinthu chaloza, ra's ndiye mutu. Tsono dzina lonse linali "njira ya kumutu". Ife sitingadabwe nako kuganiza kotere, pakuti nafenso masana akakwana timati dzuŵa lili pamutu, kapena paliwombo.

Nzeru zimenezi zinaoloka kupita ku Spain, kumene Asilamu analamula zigawo zambiri kwa nthaŵi yaitali. Mzinda wa Toledo utagwa m'manja mwa mfumu yachikhristu Alfonso VI mu 1085, ophunzira a ku Ulaya anayamba kukhamukirako kuti akamasulire mabuku a Chiluya m'Chilatini. Wodziŵika koposa ndi Gerard wa ku Cremona, amene anamwalira mu 1187 atamasulira mabuku ochuluka, kuphatikizapo Almagest, buku lalikulu la Ptolemy lonena za nyenyezi. Omasulira otere akasoŵa liu la Chilatini, ankangotenga la Chiluya lomwelo nalilemba m'malembo ao. Pa "samt ar-ra's" anataya mutu, nasunga samt yekha, ndipo ankalemba "cemt" kapena "zemt".

Apa ndi pamene panagona nkhani. Masiku amenewo kunalibe makina osindikizira. Buku lililonse linkakopedwa pamanja. Tsono taganizani za lembo la m. Lili ndi timiyendo titatu. Lembo la n lili ndi tiŵiri, ndipo la i lili ndi kamodzi. Alembi akale nthaŵi zambiri sankaika kadontho pamwamba pa i, kotero n ndi i zikagundana zinkaoneka chimodzimodzi ndi m. Mlembi wosadziŵa Chiluya, poona timiyendo titatu m'liu lachilendo, akanadziŵa bwanji kuti ndi lembo limodzi? Anaŵerenga "ni" pamene panali "m", ndipo "cemt" anasanduka "cenit". Dzina la mlembiyo silinasungidwe, koma kuphonya kwake kunakopedwa buku ndi buku mpaka kunakhazikika. Pamene Geoffrey Chaucer ankalembera mwana wake kabuku kofotokoza chipangizo choyezera nyenyezi chotchedwa astrolabe, cha m'ma 1391, liuli linali litaloŵa kale m'Chingerezi ndi "ni" wake yemweyo.

Ine sindimuweruza mlembiyo mwaukali. Liu la "zemt" likanalemera pa lilime la Mfalansa kapena Mtaliyana, ndipo mwina kupepuka kwa "cenit" ndiko kunalithandiza kufala chotere.

Chosangalatsa nchakuti abale ake a liuli anafika ku Ulaya osavulala kwambiri. Samt akachuluka amakhala "as-sumut", ndipo kumeneko ndiko kunachokera "azimuth", muyeso umene oyeza malo ndi oyendetsa zombo amadziŵira mbali. "Nadir", malo a pansi pa mapazi athu penipeni, anachokera ku "nazir", kutanthauza choyang'anizana nacho. M'mene muli mu azimuth, m uja akadalipo bwinobwino. Aturuki anasankha njira ina: ali ndi liu laolao, "başucu", lomangidwa pa "baş", mutu.

Pali chinthu chinanso chimene omasulira a ku Toledo sanachione ndi maso. Kwao dzuŵa silifika pa zenith chaka chonse, ngakhalenso ku Baghdad, pakuti mizinda iŵiriyi ili kumpoto kwambiri. Kuno ku Malaŵi limafikapo kaŵiri pa chaka: koyamba cha kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, kachiŵiri mu Febuluwale, malinga ndi boma limene mukukhala. Aphunzitsi amene mukumvera, zikani ndodo yoongoka pabwalo la sukulu masiku amenewo, ndipo ana aone masana chithunzithunzi chake chikufupika mpaka kutsala pang'ono kuzimirira pa tsinde.